Mabwinja a linga la Dunnottar ku Scotland: mafunso ndi mayankho

Dunnottar ndi linga lakale lomangidwa pamwamba pa thanthwe, m'mphepete mwa nyanja ya North Sea, kumpoto chakum'mawa kwa Scotland. Alendo ambiri amangofika pamwamba pa phompho, n'kujambula zithunzi ziwiri zitatu, n'kubwerera ku galimoto. Otero aona kunja kokha. Mayankho ali m'munsiwa tawakonzera inu amene mukufuna kutsika, kulowa pachipata, ndi kumvetsa chimene khoma lililonse linamangidwira.

Lingali lili pati kwenikweni, ndipo ndikafikako bwanji?

Lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 3 kummwera kwa tauni ya Stonehaven, m'chigawo cha Aberdeenshire. Tauniyi ili pa njanji yochokera ku Edinburgh ndi ku Glasgow kupita ku Aberdeen. Kuchokera ku Aberdeen ndi makilomita pafupifupi 24, ulendo wa mphindi 20 kapena kuchepera pa sitima. Si sitima zonse zimene zimaima pa Stonehaven, choncho funsitsani musanagule tikiti.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti siteshoni ili kumtunda kwa tauni, kutali ndi doko kumene njira ya miyendo yopita ku linga imayambira. Kuchoka pa siteshoni kufika pa doko muyenda kilomita imodzi ndi theka. Muwerengeretu mtunda umenewu pokonza nthawi, makamaka pobwerera, pamene miyendo yatopa ndipo njira ndi yokwera.

Apagalimoto amatsata msewu wa A90, n'kukhotera mu A92 kummwera kwa Stonehaven, kenako n'kutsatira zikwangwani. Malo oimika galimoto ndi ochepa ndipo m'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti amadzaza dzuwa lisanafike pamutu. Fikani m'mawa kapena chakumadzulo. Mabasi oyenda mu A92 amatsitsa anthu pa mphambano yapafupi, ndipo kuchokera pamenepo ndi kaulendo kochepa ka miyendo.

Nanga njira ya miyendo yochokera ku doko ndi yotani?

Ndi makilomita awiri ndi theka, ndipo munthu woyenda bwinobwino amatenga mphindi 40 mpaka 45. Chigawo chovuta ndi choyambirira, chitunda chotchedwa Bervie Braes, chokwera kuchokera kuseri kwa nyumba za pa doko. Mukangochimaliza, njira imayenda pamwamba pa maphompho mpaka kukafika.

Pakati pa ulendo, pa phiri la Black Hill, pali chipilala chokumbukira asilikali a m'derali amene anafa pa nkhondo zikuluzikulu ziwiri za dziko lonse. Chinatsegulidwa mu 1923 (mayina a ofera pa nkhondo yachiwiri anadzawonjezeredwa pambuyo pake), ndipo anachimanga dala ngati kachisi wosamalizidwa pofuna kukumbutsa za miyoyo imene inadukizidwa panjira. Kuchokera pamenepo mumayamba kuliona linga patsogolo panu. Ife timalimbikitsa njira imeneyi kuposa kufika pa galimoto, chifukwa ndi imene imakuonetsani pang'onopang'ono mmene thanthwelo linadzipatulira ku mtunda, ndipo mukafika mumakhala mutamvetsa kale chifukwa chimene ankhondo ankavutikira kulilanda. Dothi la pa Bervie Braes limakonda kugumuka mvula ikachuluka, ndiye mukapeza chikwangwani chotseka njira, tsatirani kumene akulozerani.

Kodi kutsika ndi kukwera kwake n'kovuta bwanji?

Pali masitepe oposa 200. Mumayamba kutsika kuchokera pamwamba pa phompho mpaka pafupi ndi gombe, kenako n'kukweranso kupita ku chipata. Pobwerera mumachita chimodzimodzi, ndipo chitunda chomaliza ndi chimene chimapumitsa anthu wefuwefu. Mkati mwa chipata, njira ndi ya miyala yobulungira yoyalidwa kale, yotsetsereka, ndipo ikanyowa imaterera.

Njinga ya olumala ndiponso kangolo ka mwana sizingafike mkati. Mwana wamng'ono muberekeni kumsana kapena pachifuwa kuti manja anu akhale omasuka kugwira chitsulo cha m'mbali. Agogo kapena aliyense wovutika mawondo angathe kuima pamwamba, pamene linga lonse limaoneka bwino, ndipo pamenepo salipiritsa.

Chifukwa chiyani anasankha kumanga pamalo ovuta chonchi?

Chifukwa thanthwelo palokha ndilo linga. Ndi lalitali mamita pafupifupi 50 kuchokera pa madzi, pamwamba pake ndi pathyathyathya, malo okwana mahekitala 1.4, ndipo mbali zitatu lazunguliridwa ndi nyanja. Mwala wake ndi wa mtundu wa miyala ikuluikulu yobulungira yomatana pamodzi, ngati konkire wachilengedwe, ndipo ndi wolimba kwambiri moti mafunde alephera kuudya monga adyera gombe loyandikana nalo. Mukamatsika, yang'anani m'mbali mwa phompho, muiona miyalayo itatuluka m'khoma.

Poyamba thanthweli linkalumikizana ndi mtunda kudzera pa kamzere kopyapyala ka mwala. Omanga anakadula dala kuti mdani asadutsepo. Zitatero, aliyense wofuna kulowa ankayenera kutsikira pansi kaye, poonekera, n'kukwera ndi njira imodzi yopapatiza yoyang'anizana ndi mfuti. N'chifukwa chake pamwamba simupeza khoma lalitali lozungulira malo onse monga m'malinga ena. Silinkafunika.

Mbiri yake imayambira liti?

Pano tiyenera kusiyanitsa zolembedwa ndi zongosimbidwa. Anthu amasimba kuti Ninian Woyera anamangapo kachisi m'zaka za m'ma 400, koma imeneyi ndi nkhani ya pakamwa. Zolembedwa zakale za ku Ireland zimatchula malo otchedwa Dún Foither, amene anazingidwa ndi ankhondo mu 681 komanso mu 694, nthawi imene kuderali kunkakhala anthu otchedwa Picts. Mfumu Donald II akuti inaphedwa pano mu 900 pomenyana ndi ma Viking, ankhondo apanyanja ochokera ku Scandinavia, ndipo mu 934 Athelstan, mfumu ya ku England, anafika ndi asilikali ake mpaka ku Dunnottar.

Chakumpoto pang'ono, panjira yochokera ku Stonehaven, pali kathanthwe koima pakokha m'madzi kotchedwa Dunnicaer. Mu 1832 anyamata anapezapo miyala yojambulidwa zizindikiro za a Picts, ndipo akatswiri a ku University of Aberdeen atakumbapo kuyambira mu 2015 anapeza zotsalira za linga lakale kwambiri kuposa Dunnottar. Kukwera pamenepo n'koopsa, ingokaonerani patali.

Mu 1276 Bishopu William Wishart wa ku St Andrews anapatula tchalitchi cha parishi pamwamba pa thanthwe. Nkhani yotchuka yakuti William Wallace, mtsogoleri wa ankhondo a Scotland, anatenthera asilikali a ku England m'tchalitchimo mu 1297 inachokera m'ndakatulo yolembedwa patapita zaka pafupifupi 180, ndipo chiwerengero cha ophedwa chimene imatchula ndi chokokomeza. Chodziwika bwino n'chakuti mu 1336 asilikali a Edward III wa ku England analimbitsa malowa, ndipo chaka chomwecho Sir Andrew Murray wa ku Scotland anawalanda n'kuwatentha.

Ndani anamanga nyumba zimene tikuziona lero?

Banja la Keith. Banjali linali ndi udindo wosiyirana wa Marischal wa Scotland, ndiye kuti woteteza mfumu pa misonkhano ya nyumba ya malamulo komanso wosunga chisoti, ndodo ndi lupanga zachifumu pa nthawi ya misonkhanoyo. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1400 mtsogoleri wa banjali ankatchedwa Earl Marischal (Earl ndi dzina laulemu loperekedwa ndi mfumu kwa akuluakulu a m'dziko).

Sir William Keith anamanga nsanja yamiyala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300. Popeza panali tchalitchi, akuluakulu a mpingo anati wamanga pamalo opatulika ndipo anamudula mu mpingo. Iye anadandaula kwa Papa Benedict XIII, ponena kuti anali atamangira kale anthu tchalitchi china kumtunda, ndipo mu 1395 chilangocho chinachotsedwa.

Amene anasintha kwambiri malowa ndi George Keith, Earl Marischal wachisanu, kuyambira m'zaka za m'ma 1580. Anali munthu wolemera komanso wophunzira, ndipo ndi yemweyo amene anakhazikitsa Marischal College ku Aberdeen mu 1593. Iye anayamba kumanga nyumba zazikulu zogonamo zozungulira bwalo, za mawindo otakasuka, zoti munthu akhalemo mwamtendere. Ku doko la Stonehaven, nyumba yakale ya Tolbooth, imene tsopano muli malo osungiramo zinthu zakale, inamangidwa ngati nkhokwe ya katundu wopita ku linga pa nthawi imeneyo. Mfumukazi Mary ya Scotland inacheza pa Dunnottar mu 1562 ndi mu 1564, ndipo mwana wake James VI anakhalapo masiku 10 mu 1580.

Kotero ngakhale anthu amalitcha linga la m'nthawi ya zaka za m'ma 1300, nyumba zambiri zimene muzione ndi za m'ma 1500 ndi 1600. Zakale zenizeni ndi nsanja ndi zigawo zina za khoma la tchalitchi.

Ndikalowa ndiyambire pati kuti ndisasokonezeke?

Tsatirani nyumbazo monga mwa zaka zake, osati mmene maso akukokerani.

Yambirani pa chipata ndipo musathamange. Chili mu mng'alu wa thanthwe, wotsekedwa ndi khoma lalitali, ndipo kale chinali ndi chitseko cha zitsulo chotsitsa kuchokera pamwamba. Kudzanja lamanja kuli Benholm's Lodging, nyumba ya zipinda zosanjikizana zisanu yomangidwa mogwirana ndi thanthwe, yokhala ndi mizere itatu ya mabowo a mfuti yoyang'ana njira imene mwangokwera. Mukadutsa pakhomo mumapezeka mwayang'anizana ndi mabowo ena anayi akuluakulu. Imani pamenepo kanthawi. Munthu wothyola chitseko ankagwera pakamwa pa mizinga, ndipo akapulumuka ankayenera kukhota n'kudutsa m'mipata iwiri yofoleredwa ndi miyala, yopapatiza moti asilikali sakanalowamo ali gulu.

Mukatulukira pamwamba, pitani ku nsanja. Inamangidwa mooneka ngati chilembo cha L, kutalika kwake mamita pafupifupi 15. Pansi pali zipinda za denga la miyala lokhota, zosungiramo katundu, ndipo pamwamba pake panali holo ndi zipinda za mwini wake. Yang'anani m'makoma: mizere ya mabowo ang'onoang'ono kapena timiyala totuluka ndi pamene pankakhala mitanda ya pansi pa chipinda cham'mwamba, ndipo malo osonkhapo moto amene akuoneka atalendewera m'mwamba akukuuzani pamene panali chipinda chilichonse. Mukadziwa kuwerenga zizindikiro ziwirizi, bwinja lililonse la ku Scotland limayamba kumveka.

Pafupi ndi nsanja pali nkhokwe, chipala cha osula zitsulo chokhala ndi chumuni chachikulu, ndi makola a akavalo. Pali ndi Waterton's Lodging, nyumba yaing'ono ya m'zaka za m'ma 1570 yokhala ndi masitepe ozungulira m'kansanja kake. Kenako tchalitchi, chimene chinamangidwanso m'zaka za m'ma 1500 koma chinasunga mawindo awiri ang'onoang'ono osongoka a m'ma 1200.

Malizirani ku bwalo lalikulu. Mbali ya kumadzulo kuli mzere wa zipinda 7 zofanana, chilichonse ndi khomo lake ndi malo ake a moto, ndipo pamwamba pake panali chipinda chimodzi chachitali mamita pafupifupi 35 chochezeramo. Kumpoto kuli khitchini pansi, chipinda chodyera ndi chochezera pamwamba. Chochezeracho chinafoleredwanso m'zaka za m'ma 1920, ndipo ndi mmene mungathawire mvula. Kum'mawa kunali kophikira buledi ndi kofululira mowa.

Madzi akumwa ankawatenga kuti, poti azunguliridwa ndi madzi amchere?

Pakati pa bwalo pali chitsime chachikulu chozungulira, mamita pafupifupi 16 m'mimba mwake ndi mamita oposa 7 kuya kwake. Chimenechi ndicho chinkathandiza anthu kupirira akazingidwa miyezi yambiri. Anthu ambiri amachidutsa poganiza kuti ndi dziwe lokongoletsera malo. Ana musawalole kusewera m'mbali mwake.

Nkhani ya chisoti chachifumu inayenda bwanji?

Iyi ndiyo nkhani imene inatchukitsa Dunnottar. Zizindikiro za ufumu wa Scotland ndi zitatu: ndodo yachifumu imene Papa Alexander VI anapereka mu 1494, lupanga limene Papa Julius II anapereka mu 1507, ndi chisoti chimene chinasulidwanso mu 1540 m'nthawi ya James V.

Charles I ataphedwa ku London mu Januwale 1649, boma latsopano la ku England linasungunula ndi kugulitsa zizindikiro za ufumu za kumeneko. Anthu a ku Scotland anavomereza mwana wake, Charles II, kukhala mfumu yawo, ndipo Oliver Cromwell, mkulu wa asilikali a boma la England, analowa m'dzikolo ndi nkhondo. Anapambana pa Dunbar mu Seputembala 1650, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho linga la Edinburgh linali m'manja mwake. Choncho Charles II atavekedwa ufumu ku Scone pa 1 Januwale 1651, zizindikirozo sizikanabwereranso ku Edinburgh. Anazitumiza ku Dunnottar, kwa Earl Marischal, mwini udindo wozisunga.

Posakhalitsa Earl uja anagwidwa n'kutengeredwa ku London. Linga linatsala m'manja mwa George Ogilvie wa ku Barras, ali ndi asilikali osakwana 70. Adani analizinga miyezi pafupifupi 8. Analibe njira yolowera, ndiye anangotseka njira zonse n'kumadikira, mpaka pamene anabweretsa mizinga ikuluikulu mu Meyi 1652. Zipolopolo zitayamba kugwera pa nyumba, Ogilvie anagonja. Adani atalowa anafufuza paliponse, osapeza kanthu.

Zinthuzo zinali zitatuluka kale. Anazitulutsa ndi Christian Fletcher, mkazi wa abusa James Granger a ku Kinneff, mogwirizana ndi Elizabeth Douglas, mkazi wa Ogilvie. Pali nkhani ziwiri za mmene zinatulukira. Ina imati mayi Fletcher anazibisa m'zovala ndi m'mitolo ya katundu n'kudutsa nazo pakati pa asilikali. Ina imati anazitsitsa ndi chingwe ku gombe, kumene wantchito wamkazi amene ankanamizira kutola ndere za m'nyanja anaziika mu dengu n'kuzivundikira. Abusa Granger ndi akazi awo anazikwirira pansi m'tchalitchi cha Kinneff, ndipo ankazifukula usiku nthawi ndi nthawi kuti aziumitse chinyezi chisaziwononge. Anachita zimenezi mpaka 1660, pamene Charles II anabwerera pampando.

Pofuna kusocheretsa adani, anafalitsa mphekesera yakuti John Keith, mng'ono wake wa Earl, anathawira nazo kutsidya kwa nyanja. Ogilvie ndi mkazi wake anatsekeredwa ndi kuzunzidwa kuti aulule, koma sanatero, ndipo mayiyo anamwalira asanaone mapeto a nkhaniyi. Pogawa mphoto, John Keith analandira ulemu waukulu ndipo pambuyo pake anadzakhala Earl wa Kintore, Ogilvie analandira ulemu wocheperapo, pamene ndalama zimene nyumba ya malamulo inalonjeza Christian Fletcher sizinaperekedwe. Kugawa kumeneku sikunali kwachilungamo, ndipo ndi bwino kulidziwa dzina la mayiyu musanafike pamalopo.

Zizindikiro zenizenizo sizili ku Dunnottar. Zimasungidwa ku linga la Edinburgh.

Nanga chipinda chotchedwa Whigs' Vault n'chiyani?

Ndi chipinda cha pansi, chakumpoto chakum'mawa kwa bwalo, chotalika mamita pafupifupi 16 ndi 4.5 m'lifupi, chokhala ndi windo limodzi lalikulu loyang'ana kunyanja. Mu Meyi 1685 anatsekeramo anthu 167, amuna 122 ndi akazi 45.

Anthuwa anali a gulu lotchedwa Covenanters (ankatchedwanso Whigs), Apresibateriyani amene ankakana zoti mfumu ndi mutu wa mpingo ndipo ankakana ulamuliro wa mabishopu oikidwa ndi boma. Ambiri anali alimi ndi amisiri wamba a kummwera ndi kumadzulo kwa Scotland. Chaka chimenecho Earl wa Argyll anautsa nkhondo youkira mfumu James VII, ndipo boma, poopa kuti akaidi a m'ndende za ku Edinburgh ndi madera ena angamasulidwe n'kukamuthandiza, linawasamutsira kumpoto, ambiri akuyenda pansi. Anakhala pa Dunnottar mpaka kumapeto kwa Julaye, mothithikana, popanda chimbudzi, ndipo chakudya ndi madzi ankachita kugula kwa alonda. Patapita masiku ena anawasamutsira m'zipinda zina, kuphatikizapo kachipinda ka pansi penipeni kamene mpweya unkalowera pa kabowo chabe.

Anthu 25 anathawira pa windo n'kumakwawa m'mbali mwa phompho usiku. Awiri anagwa n'kufa, 15 anagwidwanso n'kuzunzidwa koopsa. Ena anafera m'ndendemo. Okwana 37 anavomera kulumbira kuti amvera mfumu ndipo anamasulidwa. Otsalawo anawakweza chombo kupita ku Perth Amboy, ku New Jersey, ndipo ambiri anafera panyanja ndi matenda.

Kwa Akhristu a mpingo wa CCAP nkhaniyi si yachilendo kwenikweni. Dongosolo loyendetsa mpingo kudzera mwa akulu a mpingo, limene anthuwa ankavutikira, linakhazikika mu Church of Scotland mu 1690, ndipo ndi limene amishoni a Livingstonia ndi Blantyre anafika nalo ku Malawi mu 1875 ndi 1876. Robert Laws wa ku Livingstonia anabadwira ku Aberdeen komweko.

M'chipindamo lankhulani motsitsa mawu. Yendani kuchokera kukhomo mpaka ku windo, muwerenge mapazi anu, kenako muganize za anthu 167.

Ngati silinagonje msanga pa nkhondo, linasanduka bwanji bwinja?

Silinagwetsedwe ndi mizinga ayi, linachita kuphwasulidwa ndi amalonda. Mu 1715 George Keith, Earl Marischal wa nambala 10, analowa nawo gulu loukira la ma Jacobite, lofuna kubwezera banja lachifumu la Stuart pampando. Atalephera anathawira ku Ulaya, ndipo boma linamulanda udindo ndi malo ake onse. Cha m'ma 1720 malowa anagulidwa ndi kampani ya York Buildings Company, imene inachotsa chilichonse chogulitsika: madenga, mtovu, matabwa a pansi, mitanda ndi mipando.

Nyumba yamiyala ikachotsedwa denga imawonongeka motere: mvula imalowa pamwamba pa khoma n'kusungunula laimu womata miyala, madziwo akaundana m'nyengo yozizira amafufuma n'kukankha miyala, ndipo mizu ya zomera imakulitsa ming'alu. Dunnottar inakhala choncho zaka pafupifupi 200, pamalo a mphepo yamchere. M'zaka za m'ma 1920 Viscountess Cowdray, wa banja la Pearson limene linagula malowa, anayambitsa ntchito yolimbitsa makoma. Banja lomwelo ndilo likusamalabe lingali.

Kodi kulowa n'kolipira? Nanga limatsegulidwa liti?

Inde, mkati mumalipira. Popeza ndi la banja osati la boma, makhadi a umembala a mabungwe osamalira malo akale a Historic Scotland kapena National Trust for Scotland sagwira ntchito pano, ndipo ambiri amadzidzimuka nazo atatsika kale masitepe onse. Limatsegulidwa chaka chonse kupatula masiku a Khirisimasi ndi chaka chatsopano, maola ambiri m'chilimwe ndi ochepa m'nyengo yozizira, ndipo amasiya kulowetsa anthu nthawi yotsekera isanakwane.

Chofunika kwambiri: mphepo ikakula kapena masitepe akaundana, amatseka ngakhale tsiku lomwelo. Musanakwere sitima, yang'anani uthenga wa m'mawa umenewo pa intaneti. Mphepo ya m'tauni isakunamizeni, pamwamba pa thanthwe imaomba mwamphamvu kuposa pa doko.

Ndi nyengo iti yabwino, ndipo ndivale chiyani?

Kuyambira Meyi mpaka Julaye ndi pamene masana amatalika, dzuwa limalowa itadutsa 10 koloko usiku chakumapeto kwa Juni, ndipo maphompho amadzaza mbalame za m'nyanja zikuswana. Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 3:30 masana, ndiye woyenda pansi kuchokera ku Stonehaven anyamuke m'mawa. Njira ya m'maphompho ilibe magetsi.

Gombe la kum'mawa kwa Scotland lili ndi chifunga chake chotchedwa haar, chimene chimabwera mpweya wofunda ukadutsa pamwamba pa madzi ozizira. Chimakonda miyezi ya Epulo mpaka Seputembala, ndipo chimatha kuphimba linga lonse pamene makilomita ochepa kumtunda kuli dzuwa. Nthawi zambiri chimayera dzuwa likakwera, choncho mukachipeza yambani mwalowa mkati, zithunzi za panja mudzajambule potuluka.

Valani nsapato zotseka zokhala ndi mapazi ogwira, jekete yosalowa madzi ndi juzi mkati, ngakhale m'chilimwe. Ambulera ndi yosathandiza, mphepo imaitembenuza ndipo imakutsekerani dzanja lofunika pa masitepe. Tengani madzi akumwa, chifukwa zakudya ndi zakumwa zimagulitsidwa kumtunda, pafupi ndi poimika galimoto.

Ndipatule nthawi yochuluka bwanji?

Ola limodzi ndi theka mpaka maola awiri mkati. Ngati mukuchokera ku siteshoni wapansi n'kubwereranso, patulani maola asanu.

Ndi ngozi ziti zimene ndiyenera kupewa?

Yaikulu ndi kuyandikira m'mphepete pofuna chithunzi chabwino. Udzu wa pamwamba pa phompho umamera mpaka kupitirira pamene dothi lolimba lathera, ndiye malo ooneka ngati nthaka amakhala opanda kanthu pansi. Udzu wonyowa pamalo otsetsereka suimitsa munthu akaterereka. Tinjira tating'ono tochoka pa njira yaikulu tinapangidwa ndi mapazi a ojambula, si njira zovomerezeka. Galu akhale pa chingwe nthawi zonse, chifukwa amathamangira mbalame osaona phompho.

Pansi pa linga pali magombe awiri a miyala, lina kumpoto lina kummwera. Mungatsikireko, koma madzi a m'nyanjayi amakwera ndi kuphwera kawiri pa tsiku, ndipo amene wazungulira thanthwe madzi ataphwera angapeze njira yobwerera itamira. Onani nthawi ya kukwera kwa madzi a pa Stonehaven musanatsike. Pakachitika ngozi imbani 999 n'kupempha a Coastguard, opulumutsa anthu panyanja ndi m'magombe.

Musakwere pa makoma ndipo musachotse kamwala kalikonse. Malowa ndi otetezedwa ndi lamulo, komanso mwala wa pamwamba pa khoma lopanda denga umatha kusuntha ndi kulemera kwa mwana.

Pali malo ena apafupi amene amamaliza nkhaniyi?

Alipo atatu. Tchalitchi chakale cha Kinneff chili makilomita pafupifupi 10 kummwera, potsata A92 n'kukhotera kunyanja. Nyumba imene ilipo lero inamangidwanso m'zaka za m'ma 1700 pamalo omwewo, ndipo mkati muli miyala yokumbukira abusa Granger ndi George Ogilvie. Kumanda a tchalitchi cha parishi ya Dunnottar, m'mphepete mwa Stonehaven, kuli mwala wolembedwa mayina a ena mwa akaidi a mu 1685 amene anafera pa linga. Ndipo pakati pa linga ndi Kinneff pali Fowlsheugh, malo otetezera mbalame oyang'aniridwa ndi bungwe la RSPB, kumene mbalame zikwizikwi zimaikira mazira m'maphompho kuyambira Meyi mpaka Julaye. Kumeneko tengani zoonera patali, ndipo galimoto muimike pa kamudzi ka Crawton, pamene malo ake ndi ochepa kwambiri.